Vidiyo Yaitali Ngati Nzimbe

Selestina ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti abambo ake aone Eliya akuyenda.

Eliya ndi kamlongo kake. Abambo anachoka Eliya akadali wakumsana. Anapita kutali, ku Joni. Kumeneko amathyola mphesa m'minda ya eni ake.

Tsiku lina m'mawa, Eliya anagwira mpando. Anaimirira. Anausiya mpando uja. Timiyendo take tinanjenjemera.

"Amayi, foni!" anakuwa Selestina. "Fulumirani, foni!"

Amayi ankachapa zovala. Anapukuta manja pa chitenje. "Nayi. Usaigwetse, iwe."

Selestina anadina pofiira. Foni inayamba kujambula.

Eliya anaona foni. Anamwetulira. Kenako anakhala pansi, khu!

"Yenda, Eliya, yenda!"

Eliya sanayende. Anatola kamwala.

"Yenda, Eliya, yenda!"

Eliya sanayende. Anayamwa chala.

Selestina sanazimitse foni. Anadikira. Anadikirabe. Kudikiratu n'kowawa!

Tambala anadutsa. Foni inajambula tambala.

Mbuzi inadutsa. Foni inajambula mbuzi.

Dzanja la Selestina linatopa. Foni inayang'ana kumwamba. Inajambula mitambo yoyera. Mitamboyo inkapita kummwera, kumene kuli abambo.

Amayi ankayanika zovala. Ankaimba pang'onopang'ono. Foni inajambulanso amayi.

Kenako kunabwera gulugufe wachikasu. Anauluka pamphuno pa Eliya. Eliya anaimirira. Anatambasula manja.

Phazi ili, tepa! Phazi linali, tepa!

"Wayenda! Amayi, wayenda!"

Amayi anataya malaya pansi. Anaimba nthungululu. Nkhuku zonse zinathawa.

"Titumize kwa abambo," anatero Selestina. "Pompano! Pompano!"

Amayi anadina potumizira. Pa foni panaoneka kagudumu. Kagudumu kanazungulira. Kanazungulira. Kanazungulira. Kenako kanaima.

"Yapita?" anafunsa Selestina.

"Siyinapite," anatero amayi.

Anayesanso. Kagudumu kanazungulira. Kanazungulira. Kenako kanaima.

Posakhalitsa foni inalira. Abambo anali atatumiza mawu awo.

"Moni nonse kumudziko. Madzulo ano lole ikubwera kudzatitenga. Tikupita kumunda wakutali. Kumeneko kulibe netiweki. Tikakhalako mpaka mphesa zitatha."

Selestina anagwira pakamwa. "Mpaka mphesa zitatha? Eliya adzakhala akuthamanga! Abambo sadzaona phazi loyamba!"

"Tiye ku Nsipe," anatero amayi. "Kumsewu netiweki ndi yamphamvu."

Amayi anabereka Eliya. Selestina ananyamula foni ndi manja awiri. Anatsika phiri. Anadutsa minda ya mbatatesi. Selestina ankathamangira kutsogolo.

"Amayi, fulumirani!"

"Iwe, ine ndabereka munthu, osati nthenga!"

Ku Nsipe kunali phokoso. Magalimoto ankadutsa, vuu! Anthu ankagulitsa tomato ndi kabichi. Amayi anakweza foni m'mwamba. Anadinanso.

Kagudumu kanazungulira. Kanazungulira. Kanazungulira. Kenako kanaima.

Amayi anayang'anitsitsa. "Vidiyoyi yakula kwambiri. Kodi unajambula m'mawa wonse?"

"Eliya ndiye amachedwa," anatero Selestina.

Eliya anaseka. Selestina sanaseke. Anakhala pa mwala. Anayang'ana dzuwa. Dzuwa linali litapendeka.

Pafupi ndi mwalawo panali mayi wogulitsa nzimbe. Dzina lawo linali Mayi Janeti.

Minibasi inaima. Bambo wina anatulutsa mutu pawindo. "Mayi, nzimbe yaitaliyo!"

Mayi Janeti anathamanga nayo. Anailowetsa pawindo. Nzimbe inakana. Inagunda chipewa cha mayi wina.

"Mutibowola maso!" anakuwa anthu a m'minibasi.

Mayi Janeti anatenga chikwanje. Khapu! Khapu! Khapu! Nzimbe inasanduka tizidutswa. Kachidutswa aka kanalowa. Kena kanalowa. Nzimbe yonse inalowa. Minibasi inapita.

Selestina analumpha. "Amayi! Tidule vidiyo ngati nzimbe!"

"Ndi chikwanje?" anaseka amayi.

Mayi Janeti anamva. Anabwera pafupi. "Foni ili ndi kasizasi kake, amayi. Ine ndimatumizira mwana wanga choncho. Dinani apa."

Amayi anadina pa kasizasi. Anadula. Anadulanso. Anadulanso. Vidiyo yaitali ija inasanduka tizidutswa.

Selestina anatumiza kachidutswa koyamba. Kagudumu kanazungulira. Kanazungulira. Kenako, tii!

"Kapita! Kapita!"

Foni inalira. Anali mawu a abambo. Ankaseka. "Aa, tambala wanga uja! Simunamudye? Wanenepatu!"

Selestina anatumiza kena. Kagudumu kanazungulira. Tii!

"Mbuzi iyo ikudya masamba a ndani?" anatero abambo. "Selestina, ithamangitse!"

"Inapita kale, abambo!" Selestina anakuwira foni.

Anatumiza kena. Tii! Inali mitambo.

"Mitambo ya kwathu," anatero abambo. Mawu awo anatsika. "Kunotu siyioneka choncho."

Anatumiza kena. Tii! Anali amayi akuyanika zovala, akuimba.

 Kenako foni inalira.

"NaNgozo," anatero abambo mofatsa, "nyimbo ija mukuiimbabe? Ija ya pa ukwati wathu?"

Amayi anabisa nkhope m'chitenje. "Iii, bambo a Selestina! Pamsika pano?"

Mayi Janeti anawomba m'manja. "Imbani, amayi, timve nafe!"

Onse anaseka. Selestina anavina mozungulira mwala.

Foni inaliranso. Tsopano munali phokoso. Pii! Pii!

"Lole yafika," anatero abambo. "Tikukwera. Zikomo pondionetsa kumudzi. Tsalani bwino."

Selestina anasiya kuvina.  Abambo anali asanaone Eliya! Tizidutswa tinali titatsala tambiri. Kena kanali ka Eliya akutola kamwala. Kena kanali ka Eliya akuyamwa chala.

"Sitimaliza," anatero Selestina. Misozi inalengeza.

Mayi Janeti anamupatsa kachidutswa ka nzimbe. "Mwanawe, nzimbe imakoma kutsinde. Wanzeru amayambira komweko."

Selestina anapukuta maso. Pa foni anadumpha kachidutswa ka kamwala. Anadumpha ka chala. Anapita kumapeto kwenikweni. Anapeza gulugufe wachikasu. Anadina.

Kagudumu kanazungulira.

"Fulumira," ananong'ona Selestina.

Kanazungulira.

"Fulumira, kagudumu iwe!"

Kanazungulira. Kanachita ngati kaima. Amayi anakweza foni m'mwamba. Selestina anakwera pa mwala. Anatenga foni, anaikweza m'mwamba kwambiri.

Tii!

Onse anayang'ana foni. Anadikira. Galimoto inadutsa. Ina inadutsa. Foni sinalire.

"Mwina afika kale kopanda netiweki," anatero amayi.

Amayi anatsitsa Eliya. Eliya anaima. Anagwira chitenje cha amayi.

Kenako foni inalira!

Munali phokoso la lole. Munali mphepo. Munali mawu a abambo. Ankakuwa ngati mwana.

"Wayenda! Anzanga, taonani! Mwana wanga wayenda! Onani phazilo!"

Anzawo a m'lole anaimba mluzu. Anawomba m'manja. Wina anati, "Ameneyu adzakuposani liwiro, a Julius!"

Abambo anaseka. Kenako anaitana mokoma. "Eliya! Bwera, mwana wanga. Bwera kwa abambo. Bwera!"

Eliya anatembenuka. Anafufuza mawuwo. Mawuwo ankachokera m'manja mwa Selestina.

Selestina anagwada. Anadinanso kuti abambo alankhule.

"Bwera kwa abambo. Bwera!"

Eliya anasiya chitenje cha amayi.

Phazi ili, tepa! Phazi linali, tepa! Tepa! Tepa!

Ogulitsa tomato anaimirira. Ogulitsa kabichi anaimirira. Mayi Janeti anakweza chikwanje m'mwamba.

Eliya anafika. Anagwira foni ndi manja awiri. Anaiika pakamwa, mwaa!

"Amayi," anaseka Selestina, "Eliya wawanyowetsa abambo ndi malovu!"

Amayi anawakumbatira onse awiri, ndi foni yomwe.