Maso a Medson

Medson ankayanika matemba a eni pa doko la Kachulu. Malaya anali nawo amodzi, ndipo fungo la nsomba silinkachoka ngakhale achape bwanji. Koma chimene chinkamudya mtima chinali msuweni wake Thomson. Awiriwa anaphunzira limodzi, ndipo pa mayeso Medson ndiye ankatsogola. Dziko litalandira ufulu, boma linatenga Thomson kukagwira ntchito ku ofesi ya kazembe kunja. Akabwera kutchuthi, amayi ankaliza nthungululu, ana nkumathamangira galimoto, Medson ataima kuseri kwa thandala la nsomba, mano ali gwa.

Tsiku lina anakwera bwato kupita ku chilumba cha Chisi kwa a Bakali, sing'anga amene anthu ankamutchula monong'ona. Anawapeza akuluka mono, dzuwa lili paliwombo.

"Bambo, ndikufuna kulemera."

"Bodza," anatero a Bakali osadzutsa mutu. "Ukufuna cha mnzako. Dzina lake ndani?"

"Thomson," anayankha Medson.

"Eya. Mankhwala anga salenga kanthu, amangosamutsa. Ndikutema mphini m'zikope. Chimene udzasirire ndi mtima wonse chidzabwera kwa iwe."

"Nanga malipiro?"

"Ine sindilandira kanthu. Wolipira ndi mwini chinthucho, ndipo amalipira ndi thupi lake. Komanso maso ndikawatsegula sindiwatsekanso. Sadziwa mlendo, sadziwa m'bale."

"Ndidzawalamulira ndine, bambo."

A Bakali anaseka, natenga lumo.

Posakhalitsa bwana wina wa ku Zomba, wodzagula nsomba, anamva Chingerezi cha Medson namulemba ntchito m'boma. Chaka chomwecho Thomson anaitanidwa kuti abwerere, akuti ananyoza boma paphwando. Anamutsekera osamuzenga mlandu, ndipo anafera m'ndende. Pamaliro Medson analira kuposa onse, atavala suti yatsopano. Mpando wa Thomson kunja kuja anakhalapo iyeyo.

Ku ofesiko kunali munthu wina wachete amene ngakhale kazembe ankamuopa, chifukwa anali khutu la boma. Medson anasirira mantha amenewo, zikope zinamuyabwa, ndipo munthuyo anafa pa ngozi ya galimoto. Medson anabwerera kuno ali kazitape wamkulu. Akalowa m'bala, nkhani zinkathera pakamwa.

Kenako anaona malole a Kassimu, wamalonda amene ankatuta mpunga ndi nsomba kupita ku Limbe. Zikope zinayabwanso. Kassimu anafa ziwalo, banja lake linagulitsa malole kwa Medson. Iye anasiya za boma, namanga sitolo, chigayo ndi nyumba yamalata kwa Mwambo.

Zonse anali nazo, koma anthu ankamupatsa moni akuyang'ana pansi. Amene ankakondedwa anali mwana wake Patrick, mphunzitsi wapapulaimale, mnyamata wamphamvu ndi wansangala. Ngakhale mkazi wamasiye wa Thomson ankamupatsa madzi akumwa Patrick, koma Medson akamadutsa ankatseka chitseko.

Masana ena Medson anatuluka pakhonde napeza mkazi wake Dailesi akuseka ndi Patrick mpaka kupukuta misozi. Ndi iyeyo Medson, Dailesi anali asanasekepo choncho. Zikope zinayabwa.

"Ayi! Uyu ayi!" anakuwa, akuphimba maso ndi manja.

"Mwatani, bambo?" anafunsa Patrick, akumugwira phewa.

"Choka pamaso panga! Thawa!"

Patrick anayamba kuonda. Achipatala sanapeze matenda. Pamene iye ankafota, imvi za Medson zinkada, msana unaleka kupweteka, ndipo chakudya chinkamukomera. Pamaliro a Patrick mudzi wonse unabwera. Anthu amene ankamuthawa anamugwira manja, kumupepesa ndi misozi yeniyeni. Dailesi anayang'ana tsitsi lakuda la mwamuna wake, namanga katundu wake nkuchoka.

Medson anabwerera ku Chisi nagwada m'fumbi.

"Bambo, tengani malole, tengani nyumba. Tsekani maso anga."

"Za eni ndizitengerenji?" anatero a Bakali. "Pita, ndipo pochoka usandiyang'ane."

Atatsika bwato ku Kachulu, anayenda maso ali pansi, kuopa kuona munthu. Koma pafupi ndi mapazi ake panali wamisala atagona chagada pamchenga, akuimba, nkhope yopanda nkhawa iliyonse. Medson anaima. "Koma uyu ndiye ali pamtendere," anatero mumtima. Zikope zinayabwa.

M'mawa mwake asodzi anapeza wamisala uja atauma. Pambali pake panali Medson, atang'amba suti, akuimba nyimbo yomweyo. Malole anachita dzimbiri, nyumba inagwa denga, ndipo iye anafera m'bango patapita zaka, opanda womulira.

Umbombo ndi nsanje sizikhuta. Munthu amene wayamba kudya za anzake amadzafika podya ake omwe, kenako nkudzidya yekha. Gwira khasu lako, ndipo ukhutire ndi chimene thukuta lako lakupatsa.