Dailes ndi Thonje Lothawa

Dailes ankakhala m'mbali mwa nyanja, ku Salima. Iye ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kumaliza chofunda cha mwana.

Chofundacho anachiyamba ndi amayi ake. Pamwamba panali zigamba za kwa telala. Zigamba zofiira, zigamba zobiriwira, zigamba za maluwa. Pansi panali chitenje chakale. Pakati panali thonje. Thonjelo linachokera kwa amalume ake, ku Chinguluwe. Dailes ndiye anachotsa njere zake.

Amayi ankasoka mizere. Mizereyo inkagwira zigamba, thonje ndi chitenje pamodzi. Koma anangosoka mbali imodzi basi. Mwana anafulumira kubadwa! Amayi anapita kuchipatala. Singano inatsala pansalu pomwepo.

Abambo anabwera kuchokera kuchipatala. Anatsamiritsa njinga pakhoma.

"Dailes, uli ndi mlongo," anatero abambo.

"Ndi wamkulu bwanji, ababa?"

Abambo anasonyeza ndi manja. Ha! Kamwana kake kanali kochepa zedi.

"Anamwino akuti asazizidwe," anatero abambo. "Akazizidwa, adwala."

Imeneyo inali nyengo ya mwera. Mphepo inkawomba kuchokera kunyanja. Inkalowa pansi pa chitseko. Inkalowanso pazenera. Bulangete la m'nyumbamo linali lolemera. Linalinso lokhakhala. Sizikanatheka kufunditsa nalo kamwana kotere.

Dailes anachita mantha. Anaganiza za mlongo wake. Anaganizanso za mphepo.

"Chofundachi ndimaliza ine," anatero Dailes.

Anakhala pamkeka. Anatenga singano. Anayamba kusoka mofulumira. Singano inalowa apa. Inakatulukira uko. Inalowanso apa. Inakatulukira ukooo!

Mnzake Asma anabwera. Anaima n'kumayang'ana.

"Iwe Dailes, ukusoka kapena ukuthawa galu?" anafunsa Asma.

"Ndisiye. Ndikufulumira."

"Kuthamanga sikufikatu!"

Koma Dailes sanamve. Anasoka, anasoka, mpaka anamaliza. Anakondwa kwambiri.

"Ababa, taonani! Chatha!"

"Wagwira ntchito, mwana wanga," anatero abambo. "Koma za khanda timayamba tachapa. Zigambazi zili ndi fumbi."

M'mawa Dailes ndi Asma anapita kunyanja. Anaviika chofunda m'madzi. Anachipaka sopo. Anachitsukuluza. Anachifinya, wina uku wina uku. Kenako anachitambasula.

Mayo ine! Chofunda chija sichinalinso bwino. Mbali ya amayi inali yosalala. Koma mbali ya Dailes, thonje linali litathawa. Lonse linaunjikana pakona imodzi.

Asma anaseka. "Chofunda chako chatupa tsaya!"

Dailes sanaseke. Anakweza chofundacho m'mwamba. Analoza nacho kudzuwa. Mbali ya amayi, dzuwa silinaoneke. Mbali yake, dzuwa linaonekera mbee! Mphepo nayo inadutsa. Inamuwomba kumaso.

"Mphepo iyi ikamupeza mlongo wanga," anatero Dailes. Misozi inalengeza m'maso mwake.

Asma anasiya kuseka. "Pepa, mnzanga," anatero. "Tiye kunyumba."

Kunyumba anayala chofunda pamkeka. Dailes anagwada. Anayang'ana mbali ya amayi. Anayang'ana mbali yake. Ulusi unali womwewo. Singano inali yomweyo. Thonje linali lomwelo. Nanga chinalakwika n'chiyani?

Anayesa kulowetsa chala pansi pa ulusi wa amayi. Chala chinakana. Anayesa pansi pa ulusi wake. Chala chinalowa chonse!

Pakhonde panali lichero la mpunga. Dailes anatola njere imodzi. Anaiika pafupi ndi ulusi wa amayi. Zinafanana ndendende. Pakati pa pomwe singano inalowa ndi pomwe inatuluka, panali njere imodzi basi.

Pakhonde panalinso dengu la usipa wouma. Abambo ankaugulitsa kumsika. Asma anatola usipa umodzi. Anauika pafupi ndi ulusi wa Dailes. Abale inu, zinafanananso!

"Amayi ako amasoka mpunga," anatero Asma. "Iwe wasoka usipa."

Dailes anayang'ananso bwinobwino. Mizere ya amayi inali pafupipafupi. Mizere yake inali patalipatali. Thonje linapeza njira. N'chifukwa chake linathawa.

Abambo anabwera n'kuona chofundacho. Anakanda kumutu.

"Bwanji tingochipinda pawiri?" anafunsa abambo. "Mbali ya amayi ako ili bwino."

"Ayi, ababa. Chichepa. Timapazi take tikhala pamtunda."

"Ndiye titani?"

"Timasule mbali yangayi. Ndiyambirenso."

Mawu amenewa anamuwawa Dailes. Ntchito yonse ija! Koma ananena yekha.

Abambo anatenga lezala. Anadula ulusi wautali uja. Sunavute n'komwe kuchotsa. Dailes anatulutsa thonje. Analiyanika padzuwa. Litauma, analifutukula ndi zala. Analiyalanso bwinobwino pakati pa nsalu.

Kenako anaika njere ya mpunga pabondo. Anatenga singano. Singano inalowa. Singano inatuluka. Njere imodzi. Inalowanso. Inatulukanso. Njere imodzi.

Koma ntchito yake kuchedwa! Dzuwa linkayenda, mzere osatha. Chala cha Dailes chinayamba kuwawa. Singano inkamubaya akamaikankha.

Asma anathamangira kwawo. Anabwera ndi chotsekera botolo.

"Uzikankhira ichi," anatero Asma. "Apongozi anga amatero."

"Iwe uli ndi apongozi?"

"Ndikunama! Ndi azakhali anga."

Onse anaseka. Dailes anakankha singano ndi chotsekera chija. Chala chinapuma.

Tsiku lina abambo anati athandize. Anagwira singano ndi zala zawo zikuluzikulu. Anasoka pang'ono.

"Ababa, umenewo ndi usipa!" anatero Dailes.

"Usipa wake uti?" anatero Asma. "Chimenecho ndi chambo!"

Abambo anaseka mpaka kutsokomola. Anabweza singano.

"Ine ndizingogwira nsalu," anatero. Ndipo anaigwira bwino, osakwinyika.

Masiku anapita. Mizere inachuluka. Ina inali yokhota. Ina inali yowongoka. Koma yonse inali ya mpunga.

Kenako abambo anabwera ndi uthenga. "Amayi ako atuluka mawa."

Kona imodzi inali isanathe. Dzanja la Dailes linafuna kuthamanga. Singano inafuna kudumpha. Ndani akanaona? Ndi kakona chabe.

Dailes anaima kaye. Pakona imeneyo mwina padzakhala phazi la mwana. Anapuma mpweya wambiri. Singano inalowa. Singano inatuluka. Njere imodzi.

Tsiku lotsatira amayi anafika masana. Dailes anali akumanga ulusi womaliza. Anataya singano pamkeka n'kuthamanga.

"Amayi! Amayi!"

Mwana anali pachifuwa pa amayi, m'kati mwa chitenje. Anali asanapatsidwe dzina. Dailes anasuzumira. Anaona kamphuno. Anaona timaso totseka. Anamukonda pomwepo.

Amayi anakhala pansi. Anatenga chofunda. Anachisisita ndi dzanja, uku ndi uku.

"Wasoka ndiwe, Dailes?"

"Eya, amayi. Kawiri."

"Kawiri?"

"Koyamba thonje linathawa."

Amayi anamwetulira. Anamukoka Dailes n'kumukumbatira. Kenako anamufunditsa mwana.

Koma mwana ndi mwana. M'mawa kutacha, chofunda chinali chonyowa. Anakodzera!

"Dailes, kachape," anatero amayi. "Ine ndimufungatira pachifuwa mpaka chiume."

Dailes anachitanso mantha. Nanga thonje likathawanso? Anapita kunyanja mwakachetechete. Anaviika chofunda. Anachipaka sopo. Anachitsukuluza. Anachifinya. Anatseka maso. Kenako anachikweza kudzuwa.

Anatsegula diso limodzi. Dzuwa silinaoneke. Anatsegula diso lina. Anayang'ana pakati. Anayang'ana m'makona monse. Thonje linali phee, pamalo pake!

Dailes anathamanga ulendo wonse. Anayanika chofunda pachingwe. Mwera unawomba, chofunda chinauma.

Madzulo mphepo inakula. Inalowa pansi pa chitseko. Amayi anagoneka mwana. Abambo anatseka zenera. Dailes anamufunditsa mlongo wake yekha.

Anadikira pang'ono. Kenako analowetsa dzanja pansi pa chofunda. Anagwira timapazi tija. Tinali totentha bwino.

Dailes anawerama. Anamunong'oneza mlongo wake kukhutu.

"Kodza mmene ungafunire, iwe. Ine ndichapanso."