Masamba Atatu Opanda Dzina la Perisiya

Chisanu cha mu Januwale 1982 sichinkaseka ndi munthu. Pamalo okwerera basi ku Hyattsville, Flossie anaima atakwinya mapewa, akutukwana mumtima basi yochedwayo. Mwadzidzidzi mphepo inawomba, ndipo mapepala a mnyamata amene anaima pambali pake anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi.

"Mayo ine, Agiriki anga!" anakuwa mnyamatayo.

Flossie anatembenuka. Chichewa? Kuno? Anaponda pepala limodzi ndi nsapato, natola ena awiri.

"Agiriki anuwo ndi awa, achimwene. Koma kalembedwe kanuka kakufunika mapemphero."

Mnyamatayo anayasama kaye, kenaka anaseka mpaka misozi.

"Ndine Wilkins, wa ku Ntcheu. I'm doing my master's, mbiri yakale. Nanga mngelo wonyoza zolemba za eniyu ndani?"

"Flossie. Ndimatayipa ku banki ina ya mayiko mu Washington. Zolemba zonyansa ndiye ntchito yanga."

M'basi anakhala mpando umodzi, ndipo Wilkins sanatseke pakamwa. Anati Agiriki akale sanali dziko limodzi ayi, inali mizinda yambirimbiri, uliwonse ndi malamulo ake. Ku Sparta kunali mafumu awiri. Ku Atene amuna a mumzinda ankasonkhana paphiri, kukangana, kenaka n'kukweza manja.

"Zija timati mutu umodzi susenza denga, iwo anazitenga zenizeni. Ndiye kunabwera amithenga a mfumu ya Perisiya, akuti mzinda uliwonse upereke dothi ndi madzi posonyeza kuti wagonja." Anamuyang'ana m'maso. "Ine dothi ndi madzi sindikufuna. Nambala ya foni basi."

Flossie, mkazi wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, amene anakana amuna a mataye kuntchito kwake, anapereka nambala basi isanafike ndi pakati pomwe. Kugonja kwake kosachititsa kaso!

Pofika Malichi, Flossie ndiye ankatayipa buku lonse la digiri la Wilkins pa makina ake amagetsi a kunyumba. Anamupatsanso kiyi, kuti masana iye ali kuntchito azibwera kudzasiya masamba atsopano. Akaweruka ankapeza kakalata katatsamira pa makinawo.

"Atene wanga, zombo za Aperisiya zitabwera chikwi, ndidzaima pakhomo pako ndekha."

Tsiku lina: "Duwa langa, tsiku limene udzatayipe tsamba lomaliza, mphete idzalowa pachala chako. Ndalumbira."

Kuyambira pamenepo Flossie ankatayipa ngati akuthamangitsidwa. Tsamba lililonse likatuluka m'makina, ankayang'ana chala chake n'kumwetulira yekha. Ankamukonda Wilkins, ndipo sankabisa.

Flossie anali ndi mlongo wake wamng'ono, Medson, amene ankaphunzira uinjiniya. Medson ndi Wilkins onse ankalipiriridwa sukulu ndi akuluakulu a kumudzi. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, ophunzira a kwathu ankadzazana m'nyumba mwa Flossie kumwa tiyi, ndipo woyambitsa macheza anali Wilkins.

"Lero tisewere Atene," anatero tsiku lina, akung'amba mapepala. "Kumeneko munthu akakula mutu, anthu ankalemba dzina lake pamapale. Mapale akachuluka, ankachoka mumzinda zaka khumi. Aliyense alembe amene akanamuthamangitsa!"

Wina analemba mwini nyumba wake. James, mnzake wa Medson, analemba mphunzitsi wa masamu. Anthu anaseka. Koma Medson anaika pensulo pansi.

"Ine dzina n'limodzi lokha, ndipo nonse mukulidziwa. Tisanamizane apa. Kwathu tili pansi pa Aperisiya."

Masiku amenewo mawu otere sankatuluka m'kamwa, ngakhale munthu ali kutsidya kwa nyanja yamchere.

"Iwe Medson!" anakalipa Flossie. "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata!"

"Come on, achemwali, muno ndi mu America. Tilipo tokhatokha, pachibale."

Wilkins anamusisita paphewa. "Mwamuna ndi ameneyu. Musiyeni alankhule, alamu anga."

Ndipo Medson analankhuladi, mpaka tiyi anazizira.

Mu Meyi kunabwera kalata. Medson abwerere kumudzi kwa masabata awiri, akakambirane za maphunziro ake. Anapita ndi kachikwama kamodzi, mabuku onse anasiya. Mu Julayi kunabwera kalata ina, ya mayi awo.

"Mwana wanga, tinapita kubwalo la ndege kukamuchingamira. Tinamuona akutsika, anatibayibitsa. Kenaka amuna awiri analowa naye m'chipinda china. Mpaka lero sitikudziwa kumene ali. Usafunse zambiri poyankha."

Flossie analira mpaka mawu anatha. Amene anamupukuta misozi anali Wilkins.

"Amene wachita zimenezi Mulungu amuone, mtima wanga. Ine ndilipo. Sindidzakusiya."

Sabata yomweyo Flossie anatayipa mutu wonena za nkhondo ya pampata wa Temopile. Agiriki ochepa anatseka njira yopapatiza pakati pa phiri ndi nyanja, ndipo khamu la Aperisiya linalephera kudutsa masiku awiri. Kenaka munthu wa m'dera lomwelo, Mgiriki mnzawo, anapita kwa adani n'kuwaonetsa kanjira kozembera kuphiri.

"Munthu wotere amagona bwanji, a Wilkins?" anafunsa, zala zili pamakina.

"Sagona, wokondedwa," anayankha, akumupsompsona pachipumi.

Loweruka lina m'mawa, mu Ogasiti, riboni ya makina inatha. Riboni za makina amenewo zinali za pulasitiki wopyapyala. Chilembo chikamenya, inki yake inkachoka pamalopo n'kusiya chithunzi cha chilembocho, ndipo riboni inkasuntha osabwereranso. Wotayipa aliyense ankadziwa zimenezi. Kubanki, riboni za makalata achinsinsi sankazitaya wamba.

Pochotsa, kachibokosi kake kanagwa pansi n'kutseguka. Flossie anatola nsonga ya riboni, ndipo kuwala kwa pawindo kunadutsamo. Anaona zilembo zisanu ndi chimodzi.

Medson.

Iye anali asanatayipepo dzina limenelo, makalata a kumudzi ankalemba pamanja. Nanga analemba ndani? Anakhala pansi, natambasula riboni yonse kuchokera kukhitchini mpaka kukhomo, n'kuyamba kukopera chilembo chimodzichimodzi. Pakati pa nkhani za Sparta panali kalata ya Chingerezi, yodzaza zolakwitsa za munthu wotayipa ndi zala ziwiri. Pamwamba panali nambala ya bokosi la positi la kumudzi.

"Za Medson Kalonjere mwagwira ntchito yabwino. Mlongo wake sakukayika chilichonse, akuganiza kuti ndimukwatira. Ndikhalabe naye mpaka nditsirize maphunziro, chifukwa m'nyumba mwake ndi momwe anyamata amamasuka. Wotsatira ndi James. Wanu wokhulupirika, W."

Flossie anawerenga katatu. Pa makina ake! M'nyumba mwake! Pamalo pomwepo pamene ankamusiyira timakalata ta duwa langa! Kodi manja amene anamupukuta misozi aja ndi omwewa? Anthu akale sananame, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Anadzuka pansi paja. Anaika madzi pamoto, ndipo tisabise, sanali a tiyi. Anafuna kuti Wilkins akangolowa amukhuthulire kumaso. Madzi anawira, iye ataima pomwepo. Kenaka anazimitsa moto. Chilonda cha madzi chimapola. Iye ankafuna chosapola.

Anakumbukira tsamba lina limene anatayipa yekha. Aatene atathandiza kuwotcha mzinda wa mfumu Dariyo ya Perisiya, mfumuyo sinathamange. Inalamula wantchito wake kuti nthawi iliyonse ya chakudya azinena katatu, "Mbuye, kumbukirani Aatene." Flossie analibe wantchito, choncho ankadziuza yekha asanagwire supuni.

"Flossie, kumbukira Medson. Kumbukira Medson. Kumbukira Medson."

Masana a tsiku lomwelo Wilkins anabwera ndi maluwa, ndipo Flossie anawalandira ndi manja awiri.

"Maso afiira bwanji, njiwa yanga?"

"Anyezi, a Wilkins. Khalani pansi, ndakuphikirani nkhuku."

Macheza a Lamulungu anawathetsa, akuti mutu ukumuvuta. Anakokera James pambali kunja kwa tchalitchi n'kumunong'oneza mawu ochepa, ndipo mnyamatayo anachita thukuta. Koma ntchito yotayipa sanaisiye. Anafika pa nkhondo ya pa Salamisi, pamene mtsogoleri wa Aatene anatumiza uthenga umodzi wonyenga kwa mfumu ya Perisiya, zombo za mfumuyo n'kulowa zokha m'madzi opapatiza momwe zinaphwanyika. Flossie anasiya kutayipa, nayang'ana kabati.

M'kabatimo munali masamba onse amene Wilkins analemba pamanja, oposa zana. Flossie ankawadziwa kuposa mwini wake. Anawayala patebulo n'kuyamba kufunafuna, osati zimene zinalembedwa, koma zimene zinasowa. Ankafuna tsamba lopanda dzina la Atene, la Sparta, kapena la Perisiya.

Anapeza atatu: 41, 58 ndi 59.

Pamenepo Wilkins, pofuna kusangalatsa mphunzitsi wake wa ku America, anatsanulira mtima wonse. "Munthu mmodzi akalamula moyo wake wonse, dziko limasanduka khola. Anthu amamuvinira masana n'kumutemberera mumtima. Ali ndi maso ndi makutu paliponse, koma tsiku lake lidzafika, ndipo amene adzamugwetse adzaimikiridwa zipilala."

Ankanena za mafumu amene anafa zaka zoposa zikwi ziwiri zapitazo. Koma masambawo sananene choncho.

Flossie sanawonjezere chilembo, sanafufute kanthu. Anapinda masamba atatuwo, olembedwa ndi dzanja lonyansa lija limene eni bokosi ankalidziwa bwino pa siginecha yake, nawonjezera kapepala kotayipa: "Onani zimene wokhulupirika wanu W. amalemba mukatembenuka." Lolemba pa nthawi ya nkhomaliro anaponya envulopu.

Anadikira miyezi iwiri. Ankaseka nthabwala za Wilkins, ankamusitira malaya. Kudana ndi munthu uku ukumumwetulira n'kotopetsa kuposa kulima, koma Flossie sanatope.

Mu Okutobala anatayipa tsamba lomaliza. Loweruka lotsatira, dzuwa lili paliwombo, Wilkins anagogoda. Anali mu suti, koma tayi inali yokhota ndipo thukuta linali kamukamu ngakhale kunja kunali mphepo. Asanalowe n'komwe anagwada pakhomo pomwepo, natulutsa kabokosi.

"Flossie, kuwala kwa moyo wanga, ndinalonjeza ndipo ndakwaniritsa. Ndilole ndikukwatire. Lolemba lomweli, kukhoti. Za ankhoswe tidzakonza pambuyo."

Mphete inali yokongola, zoona. Flossie anaiyang'ana nthawi yaitali. Miyezi ingati anailota?

"Lolemba? Changu chake n'cha chiyani, a Wilkins?"

Wilkins anatulutsa kalata m'thumba. Abwerere kumudzi kwa masabata awiri, akakambirane za maphunziro ake.

"Ndi mawu omwe aja analembera Medson, honey. Sindikudziwa chimene ndalakwa! Sukulu asiya kulipira, visa yanga ikutha. Koma tikakwatirana, mapepala a kuntchito kwako anditeteza. Ndiwe wekha ungandipulumutse. Umandikonda, eti?"

"Ndinkakukondani mpaka kupusa."

"Ndiye vomera, duwa langa!"

"Dzuka."

Wilkins anadzidzimuka. Chikumanireni, Flossie anali asanamutchulepo iwe.

"Ndati dzuka, ukudetsa suti. Ukufuna kudziwa chimene walakwa? Pita ukawerenge masamba ako a pamanja. Ukapeza kuti 41, 58 ndi 59 palibe. Ali kubokosi lija umalemberako ndi zala zako ziwiri."

Nkhope ya Wilkins inachita phulusa.

"Koma... koma amene aja ndi Aperisiya, Flossie! Ndi mbiri yakale!"

"Ukawafotokozere. Umatha kufotokoza iwe."

"Anandikakamiza! Akanandichotsa sukulu! Poyamba inali ntchito, ndikuvomera, koma kenaka ndinakukondadi, I swear! Flossie, anthu amene aja akandipha!"

Anagwira chitseko ndi manja onse awiri, akulira ngati mwana. Flossie anachotsa zala zake chimodzichimodzi, mofatsa, misozi ikutsikanso m'masaya mwake. Chifukwa chikondi n'chopusa, sichimva kuti mwini wake wachithamangitsa.

"James wauza aliyense, kuyambira ku Landover mpaka ku Annandale. Palibe amene akutsegulire khomo. Kwera ndege, Wilkins. Akakakulowetsa m'chipinda chija, ukayang'ane bwinobwino m'makona monse. Ukamupeza Medson, ukamuuze kuti achemwali ake akupereka moni."

Anatseka chitseko n'kukhoma. Wilkins anagogoda, anaitana mayina onse okoma amene ankawadziwa, mpaka mawu anasasa. Flossie anakhala pansi atatsamira chitsekocho, akulira mosatulutsa mawu.

Sanatsegule.