Zikhatho pa Pulasitala

Lolemba m'mawa amisiri anapeza zikhatho ziwiri zitadinda pa pulasitala wamuwisi. Malowo ndi pomwe kale panali chikhomo cholowetsera matumba, nyumbayo ikadali yosungiramo katundu, asanayambe kuisandutsa maofesi a magalasi.

Kapitawo, munthu wovala tayi ngakhale pa fumbi, analamula kuti asalaze. Lachiwiri zikhatho zinabwerera. Lachitatu zinayenda khoma lonse, ngati za munthu wofufuza chotsegulira mumdima. Amisiri anayamba kunong'onezana kuti matumba anagwera wonyamula katundu wina kalekale, ndipo tsopano akufuna potulukira.

"Bwana, akufa satsekeredwa ndi njerwa," anatero kalipentala.

"Iwe umathawa ndi mthunzi wako womwe," anatero kapitawo. "Inu alonda, usiku mumalonda kapena mumaliza mkonono?"

Mlonda wokalambayo anayang'ana pansi. "Sindinaone choti ndinganene, bwana."

"Zikabwereranso, ntchito yanu yatha."

Usiku wa Lachinayi kapitawo anabisala yekha kuseri kwa milu ya matailosi. Mdima unali wa ndiweyani, ndipo malata akale ankathetheka pozizira. Patapita nthawi anamva mapazi okhwekhwereza pa simenti, kupuma kolemera, kenako mawu apansipansi: "Gwira uko... kweza... tiye."

 Kapitawo anayatsa tochi.

Pakhomapo panali nkhalamba yopanda nsapato, thumba la simenti lopanda kanthu lili paphewa, ikupapasa pulasitala. Anali bambo ake omubereka, omwe mutu unayamba kusokonekera chaka chatha, omwe iye ankawatsekera m'kachipinda ka kuseri alendo akabwera. Bambowo anasenza matumba m'nyumba imeneyi zaka makumi atatu, koma kuntchito kapitawo ankauza anthu kuti anali kalaliki.

"Achimwene," anatero bambowo osamuzindikira, "khomo lapita kuti? Ndikachedwa andichotsa, mwana wanga asiya sukulu."

Mlonda anatulukira mumdima atanyamula jekete lake, nawafunditsa.

"Ndimawaperekeza kwanu kusanache, bwana. Tinkasenza limodzi ine ndi iwowa. Mukanafuna kuti ndinene pamaso pa amisiri anu?"

Kapitawo anasowa poyang'ana. Anavula nsapato zake, nagwada pa fumbi kuwaveka bambo ake.

Kutacha, amisiri anatenga zosalazira monga mwa masiku onse. Kapitawo anaimirira patsogolo pa khomalo, maso ali pansi.

"Zisiyeni ziume. Ndi za bambo anga. Anali wonyamula matumba muno."