Lichero ndi Phanga la Mayi Nachanza

Makinawo anawapatsa dzina loti Lichero, poti ntchito yake inali kupeta. Wofufuza akatumiza chidule cha kafukufuku wake ku msonkhano wa akatswiri a mapanga, Lichero ankachimeza, kupukusa mutu wake wachitsulo, n'kuuluza mawu onse opanda pake ngati mankhusu. Zotsalazo zikamukhutiritsa, zinkasindikizidwa m'buku la msonkhano.

Dokotala Nangondo anavina atamva kuti chidule chake chasankhidwa. Anali atapeza tizilombo todya pulasitiki m'phanga lina ku Dedza, ndipo kafukufukuyo anali akadali pakati. Koma atatsegula bukulo, mtima unangoti myuu! Mawu othokoza Mayi Nachanza, eni munda umene munali khomo la phangalo, anali atauluzidwa.

Mayiwo nawo anali atawerenga pafoni. Nangondo anapeza khomo la phanga atalitseka ndi minga.

"Pepani amayi, anachotsa ndi makina," anatero Nangondo.

"Mbatata yanga ija munkadya ndi makina?" anatero Mayi Nachanza. "Wandichotsayo abwere yekha adzandiuze pamaso kuti ndine mankhusu. Apo ayi, kuphangako muiwaleko."

Akanatani mwana wa eni? Anakabwereka Lichero ku ofesi ya msonkhano uja, n'kumukweza pa kabaza wouluka. Atatera pabwalo anamunong'oneza kuti, "Upepese, koma mwaulemu, wamva?"

Chimene aliyense sankadziwa n'chakuti mankhusu onse aja Lichero sankataya, ankangowasunga m'mimba. Tsiku limenelo anakhutula.

"Ndi chilolezo chanu, amayi athu olemekezeka, poyamba penipeni ndithokoze Namalenga..."

Anathokoza mayiwo, makolo awo, mbatata, mbuzi, mileme ya m'phanga, ngakhalenso alamu awo amene ankangodutsa ndi khasu. Dzuwa linapendeka asanafike pa mawu oti pepani. Nangondo thukuta lili kamukamu, poopa kuti zavuta.

Mayi Nachanza anaseka mpaka kugwetsa misozi.

"Koma mwana uyu analeredwa bwino! Chotsani mingayo, adokotala. Kungoti Loweruka kuli chinkhoswe cha mdzukulu wanga, ameneyu akayendetse mwambo."

Lichero sanabwererenso ku ofesi. Maukwati ankamulimbirana kuyambira ku Linthipe mpaka ku Ntcheu, ndipo chaka chotsatira akatswiri aja anasankha okha zidule, magalasi ali pamphuno, akung'ung'udza.

Loweruka lija, Nangondo ankakwawa m'phanga muja akumwetulira, nthungululu za chinkhoswe zikumveka chapatali. Anali atadziwa tsopano kuti chimene wina amauluza ngati mankhusu, n'chimene chimatsegula khomo la mnzake.