Nambala ya Malemu

Patapita miyezi ingapo chiikireni maliro a mwamuna wake, mayi wina wosoka zovala anaona nambala ya malemu ikusonyeza kuti mwini wake ali pa intaneti. Foni ya malemuyo inali m'kabati, yozima, yokulungidwa m'mpango. M'nyumba munali zii, kupatula firiji yomwe inkang'ung'udza kukhitchini ngati munthu wodwala dzino. Mayiyu sanali wamantha. Anazimitsa magetsi n'kugona.

Usiku wotsatira, kunja kuli bii, agalu akuuwira kutali, foni ya mayiyo inalira kamodzi. Unali uthenga wa mawu. Malemu anayamba atsokomola kaye, monga ankachitira, kenako anati, "Ndichedwa pang'ono, musakhome chitseko." Mayiyo analira mpaka pilo kunyowa, chifukwa anali atawasowa bambowo. Koma kutacha anakumbukira kuti mawu omwewo, ndi chifuwa chomwecho, anazimvapo kale pagulu la banja la pafoni, bambowo ali moyo.

Achibale nawonso ankalandira mauthenga, ndipo pakamwa pa anthu sipachedwa. Akuti mayiyu anasandutsa mwamuna wake ndondocha kuti azimusokera zovala. Akuti oyandikana naye amamva makina akulira anthu atagona. Makinawo ankaliradi, koma ankapalasa ndi mwini wake, poti ana amadya. Makasitomala anayamba kudzatenga nsalu zawo zosasoka.

Madzulo ena kunabwera mlamu wake, mkulu wa malemu, nkhope ili ndwii. Anakhala pampando wa malemu n'kuyamba kunong'ona, maso ali kukhomo la kuchipinda.

"Mlamu, mng'ono wanga akundilembera. Akuti sakupuma kumene aliko. Banja lagwirizana kuti muchoke m'nyumba muno, ana atsale."

Mayiyo anapitiriza kulowetsa ulusi pasingano. "Ang'ono anu ankadana ndi kujambulitsa. Pa uthenga wa maliro munaikapo chithunzi chiti?"

"Cha pachiphaso chake. China chinalipo ngati?"

"Munajambula chiphaso chonse, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumwaza paliponse. Dzina, tsiku lobadwa, nambala. Lero ndinali ku ofesi ya mafoni. Wina anapita ndi chithunzi chimenecho, n'kunama kuti foni yatayika, n'kupatsidwa simu yatsopano. Mauthenga akale onse ali m'manja mwake. Ndakatseketsa nambalayo ndi kalata ya imfa. Si mzukwa uwu, mlamu, ndi mbava."

Mlamuyo anaseka kuseka kopanda mano. "Mbava iti ingafune kundipatsa nyumba? Anati nyumbayi ilembedwe m'dzina langa. Anangopempha chiphaso changa, ndi tinambala tina tomwe tinabwera pafoni."

"Munatumiza?"

Firiji inasiya kung'ung'udza. Mlamuyo anatulutsa foni yake pang'onopang'ono, naiyang'ana, naikweza m'mwamba cha kuwindo. Netiweki inalibe ngakhale kadontho.

Pomwepo foni ya mayiyo inalira pamwamba pa makina, kuwala kwake kukugwa pansalu. Uthengawo unachokera kwa mlamu yemweyo, amene anali atakhala pomwepo: "Mlamu, mwagona? Tanditumizirani chithunzi cha chiphaso chanu."

Mayiyo anamumvera chisoni, koma pang'ono pokha. Anamutembenuzira foniyo kuti awerenge yekha.

"Mukundifunsa ngati ndagona," anatero motsitsa mawu. "Ndikuyankheni kuti chiyani?"