Chipolopolo Chochepera Ntchefu

"Zimenezo n'za nkhanga, Thumbiko, si za ntchefu ayi."

"Chipolopolo ndi chipolopolo, Emmie. Bola kulunjika."

"Ndiye ukaigende ndi mtedza, poti nawo umalunjika."

Ankakangana chonchi kumbuyo kwa galimoto m'chigwa cha Kapiti, kuseri kwa Athi River. A Sylvester, amalume ake a Emmie, anali ndi chilolezo chopha ntchefu imodzi pafamu ina kumeneko, ndiwo za chinkhoswe cha Jean, mkulu wake wa Emmie, mumzinda ku Lavington. Thumbiko anadziphatika paulendowu ndi cholinga chimodzi: amalumewo amuone kuti ndi mwamuna womuyenera Emmie. Koma mfuti yaikulu ya 30-06 inali itamutupitsapo phewa, n'chifukwa chake anakakamira kamfuti ka 22.

A Sylvester anaika chipolopolo chawo, chachitali, chamutu wa mtovu, pachikhatho cha mnyamatayo pambali pa kachipolopolo kake.

"Nyama ija imalemera ngati ng'ombe, mphwanga. Wonga wa kakoka ndi wochepa, kakathera pafupa. Udikire, ndiyambe ine."

Thumbiko sanadikire. Ntchefu yamphongo itatulukira m'mitengo ya minga, mtima wake unali kale pachinkhoswe, anthu akumuloza kuti mlenje wake ndi uyo. Anawombera. Nyama inadzidzimuka, n'kuthawa ikutsimphina.

Amalume sanakalipe, ndipo kusakalipako kunamupweteka koposa.

"Nyama yovulala sitiisiya kuti iwolere moyo," anatero. "Tenga madzi. Twende, tiyeni."

Galimoto anaisiya, pakuti mvula ya mu Epulo inali itayamba kudontha, ndipo dothi lakuda la kumeneko likanyowa limameza matayala. Matope anawakakamira kunsapato mpaka phazi lililonse kulemera ngati njerwa. Mandazi awo ananyowa n'kusanduka phala. Afisi awiri ankawatsatira chapatali, fungo la magazi litawaitana.

Emmie ndiye anali patsogolo. Anakulira m'manja mwa amalumewo akadali oyang'anira nyama ku Kasungu, ndipo ankawerenga udzu momwe ena amawerengera nyuzipepala: apa yapuma, apa yagwada, apa yakhotera kukhwawa. Mvula inkatsika m'malukidwe a tsitsi lake iye osapukuta. Thumbiko ankangomuyang'ana, manyazi ndi chikondi zikulimbirana malo pachifuwa. Atsikana onse a m'tauni ku Parklands ndi nsapato zawo zazitali, anaganiza motero, sangafike pa uyu wamatope mpaka m'mawondo.

Ntchefu ija anaipeza masana kutsidya kwa khwawa losefukira, itaima, mutu uli zyoli. A Sylvester anakweza mfuti, koma magalasi awo anali mbuu ndi nkhungu.

"Sindikuona bwino. Gwira, mwana wa mlongo wanga. Kuseri kwa mwendo wakutsogolo."

Emmie anagwada m'matope, anatsamiritsa chigongono pabondo, n'kupuma kamodzi. Mfuti inagunda ngati bingu, phewa lake linabwerera m'mbuyo, ntchefu inagwa pomwepo osaphupha. Afisi anatembenuka.

Posenda, a Sylvester anazula kachipolopolo kaja pafupa la phewa, kataphwatalala ngati kabatani, n'kukataya m'madzi.

Dzuwa litaumitsa njira, thirakitala ya pafamu inawathandiza kutulutsa nyama. Pobwerera mumsewu wa ku Mombasa, atapanikizika pakati pa malole, amalume analankhula maso ali kutsogolo.

"A Thumbiko, mlenje sindinu. Mwavutitsa nyama, mwatiyendetsa pamvula. Kutchire kuja mumakafunako chiyani?"

Emmie anamuponda Thumbiko chala mwadala, akuyang'ana pawindo.

"Ndalakwa, amalume. Ntchefu sindimaifuna n'komwe," anatero Thumbiko. "Ndimafuna Emmie. Mundiuze tsiku loti ankhoswe anga abwere kwanu."